Kupita nokha ku Dar muli mzimayi: zimene ndimauza anzanga asanakwere basi

Ku Dar es Salaam mzimayi akhoza kupita yekha, kukaoda katundu wake ku Kariakoo, dera lalikulu la malonda mumzindawu, kugona masiku angapo n'kubwerako bwinobwino ndi mabelo ake. Azimayi ambiri a ku Lilongwe, Mzuzu, Karonga olo ku Blantyre akuchita zimenezi mwezi ndi mwezi ndipo ana akuphunzira sukulu ndi ndalama za geni imeneyi, ndiye zomaopsezana zija zoti "kumene kuja akakuphani" ine sindigwirizana nazo olo pang'ono. Koma sindinganamenso kuti n'kofewa ayi. Ndi mzinda wa anthu opitilira 5 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, kotentha, kwaphokoso, chilankhulo ndi cha eni ake, ndipo inu mwafika ndi mpamba wanu wonse m'chiuno, mwina ina mwa ndalamazo ndi ngongole ya banki m'khonde. Alipo anthu amene amadziwa zimenezi, ndipo ntchito yawo tsiku lonse ndi kudikira munthu ngati inuyo.

Chimene ndaona ine n'chakuti chimatipweteketsa kwambiri ife azimayi a ku Malawi si mdima kapena mipeni, ndi ulemu wathu womwewu. Tinaleredwa kuti munthu akakupatsa moni uyankhe, abambo akamalankhula usawadule, wina akakulandira katundu unene zikomo, kukana chakudya cha munthu ndi mwano. Kwathu zimenezi n'zabwino ndipo ine sindikufuna zithe. Koma pa depoti ya mabasi m'dziko la eni, mbandakucha, muli ndi tulo, miyendo itatupa, mnyamata uja wakumwetulirani n'kugwira chikwama chanu musanamuuze akudalira chinthu chimodzi basi, chakuti muchita manyazi kumukaniza. Ndiye zambiri zimene ndilembe apa zikuzungulira pamenepo, kuphunzira kukana opanda kupepesa komanso opanda kumwetulira.

Tiyambire pa boda. Kaya mwakwera basi yopita dairekiti kuchokera ku Devil Street ku Lilongwe, kaya mukudula ulendo pokwera za ku Mzuzu, Karonga kenako Songwe, nonse mumakumana pa mlatho wa Songwe pomwe mbali ya Tanzania amati Kasumulu. Ndi pasipoti ya Malawi simufunika viza pa ulendo waufupi. Pasipotiyo mugwire nokha, mukadindise nokha, ndipo akakubwezerani muyang'ane kuti chidindo chilipo ndipo masiku amene akupatsani ndi angati musanachoke pa windo. Musapatse munthu wina aliyense amene sali kuseri kwa kauntala, olo anene kuti ndi wa basi yanu, olo akhale kuti akulankhula Chichewa kapena Chitumbuka chabwino bwanji. Anyamata osintha ndalama amakuzingani mukangotsika, atatu anayi nthawi imodzi, wina akuwerenga wina akukulankhulitsani wina akuti basi ikunyamuka, ndipo phokoso limenelo si langozi, amachita dala kuti mutu usokonekere. Ngati mukusintha pamenepo sinthani zochepa zoyendera, muwerenge mashilingi m'manja mwanu kawiri musanatulutse zanu, ndipo mukawerenga musawabwezerenso kuti "tiwerengenso", poti pobweza paja ndi pamene mapepala ena amasowa. Komanso ndalama zakunja zimene mwanyamula zikhale ndi mapepala a kubanki kapena ku byuro, chifukwa zopanda mapepala zikhoza kulandidwa musanatuluke n'komwe m'Malawi. Ndikudziwa kuti forex ikuvuta kwambiri makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ambiri akungogula kumbali, koma dziwani kuti chiopsezo chimenechi mwachinyamula.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimene zimasokoneza anthu. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ikamakwana 6 koloko kwathu kumeneko ndi 7. Ndiye Aswahili amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa, akati saa moja asubuhi ndi 7 koloko m'mawa, akati saa kumi na mbili asubuhi ndi 6 koloko, akati saa mbili usiku ndi 8 koloko usiku. Mzimayi amene wasemphana ndi basi yake chifukwa cha zimenezi amapezeka ali yekha pa depoti nthawi yolakwika, ndiye muzimuuza wogulitsa tikiti alembe nthawi pa pepala kapena akuonetseni pa foni. China ndi majumbo a pulasitiki, analetsedwa ku Tanzania kuyambira June 2019, ndiye musapatse munthu chifukwa chokuimitsirani, tengani zikwama za nsalu kapena masaka.

Layini ya foni gulani msanga, mu shopu yeniyeni ya Vodacom, Airtel, Halotel kapena Yas imene kale inali Tigo, mulembetse ndi pasipoti yanu. Layini yogula pamsewu yolembetsedwa kale pa dzina la munthu wina musaikemo ndalama zanu, tsiku lililonse mwini dzina akhoza kuitseka. Foni yokhala ndi bandulo komanso pawabanki yodzadza ndi theka la chitetezo chanu pa ulendo wonsewu, shuwa.

Kuchoka kumalire mumakwera mapiri a Tukuyu n'kukatulukira ku Uyole pafupi ndi Mbeya, ndipo kuchokera apo kukafika ku Dar ndi makilomita opitilira 800, kudzera Makambako, Iringa, chitsetse choopsa cha Kitonga, nkhalango ya Mikumi pomwe mumaona nyamalikiti ndi mbidzi muli pa windo, Morogoro, Chalinze, Kibaha. Ndi ulendo wautali ndipo munthu umatopa mpaka kuyamba kukhulupirira aliyense amene wakhala naye pafupi. Kuchokera 2023 boma la Tanzania linalola mabasi kuyenda usiku wonse, kale sankaloledwa, ndiye masiku ano mukhoza kufika ku Dar nthawi ina iliyonse. Pogula tikiti funsani ngati n'kotheka kukhala pampando woyandikana ndi mzimayi mnzanu, ndipo ngati bambo amene mwakhala naye wayamba zija zomagona paphewa panu, mwendo kumabwera mbali yanu, dzanja kumasochera mu bulangete, musadikire kuti mwina ndi tulo. Imilirani, itanani kondakitala mokweza kuti basi yonse imve, musinthe mpando. Wochita manyazi akhale iyeyo. Ndipo bisiketi, juwisi, switi, madzi otsegula kale ochokera kwa munthu amene mwangodziwana naye m'basi, ayi. Nkhani ya anthu kugonetsedwa ndi mankhwala n'kudzuka alibe kanthu ndi yodziwika pa misewu ya kum'mawa kwa Africa kuno, ndipo wokupatsani akhoza kukhala mayi wooneka bwino atanyamula mwana. Nenani kuti asante, nimeshiba, kutanthauza kuti zikomo, ndakhuta, basi, nkhani yatha. Pa malo opumira musasiye kachikwama kanu pampando, ndipo lowezani mtundu ndi nambala ya basi yanu chifukwa mabasi ofanana amaima ambiri pamodzi.

Tsopano pofika, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri asisi. Mabasi ambiri ochokera kumadera akutali masiku ano amatsitsa pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, imene inatsegulidwa mu 2021 m'malo mwa ya kale ija ya Ubungo, ndipo Mbezi ndi kutali ndithu ndi Kariakoo, si poti mungayende wapansi. Makampani ena amapitiliza mpaka ku maofesi awo mkati mwa tauni, ndiye funsani musananyamuke kuti basi yanu ikathera pati. Mukafika kudakali mdima musathamangire kutuluka. Khalani m'basi ngati akulola, apo ayi khalani mkati mwa depoti pomwe pali magetsi ndi azimayi ena mpaka kuche. Maola awiri okhala pa benchi si kanthu. Oitanira, amene kumeneko amati wapiga debe, adzabwera, dada dada unaenda wapi (asisi mukupita kuti), ena kugwira chikwama kumene. Yankho ndi hapana (ayi), kapena sitaki (sindikufuna), kapena nasubiri mtu kutanthauza kuti ndikudikira munthu, ndipo mukatero musawonjezere nkhani, musafotokoze kuti ndinu a ku Malawi, musafotokoze kuti ndi koyamba. Munthu akakakamira nenani niache (ndisiyeni) mokweza. Anthu a ku Dar ambiri ndi aulemu kwambiri ndipo sakonda kuona mzimayi akuvutitsidwa pagulu, akamva mawu amenewo amatembenuka.

Za matakisi ndiye musachite nazo masewera. Umbava wodziwika bwino ku Dar ndi wa galimoto zonamizira kukhala takisi. Zimayamba ndi munthu wochezeka amene mwakumana naye m'basi, pa depoti kapena kumene kumakwereredwa maboti a ku Zanzibar, akuti ndili ndi mchimwene wanga ali ndi galimoto atitenga motchipa, mukakwera panjira pakweranso anzawo awiri, zitseko akiya, ndiye ayamba kuzungulira nanu pa ma ATM kukukakamizani kutapa ndalama, kapena kukuuzani muimbire abale atumize pa foni. Choncho galimoto imene wakupezerani munthu wosamudziwa musakwere, olo ikhale yotchipa bwanji. Itanani Bolt, takisi yoitanitsa kudzera pa intaneti, pa foni yanu, yang'anani kuti nambala ya galimoto ndi nkhope ya dalaivala zikufanana ndi zimene zili pa foni, ngati mkati muli kale munthu wina musalowe, ndipo tumizani ulendowo kwa m'bale wanu pa WhatsApp aziona pamene muli. Kapena muuze a pamalo ogona akutumizireni dalaivala amene amamudziwa. Bajaji, kagalimoto ka matayala atatu kaja, masana ndi yabwino, koma chikwama chikhale pakati pa miyendo osati mbali ya msewu. Bodaboda, kabaza wa njinga yamoto uja, ine usiku sindilimbikitsa, ndipo ngozi zake n'zambiri olo masana.

Ngati mulibe katundu wambiri pali mwendokasi, mabasi aatali oyenda mu msewu wawo okha amene anayamba mu 2016, ochokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni ndipo ena amakathera ku Gerezani pafupi penipeni ndi Kariakoo. Ndi otchipa ndipo amadutsa mzere wa magalimoto wa pa Morogoro Road, koma m'mawa ndi madzulo amadzadza moti munthu supuma, ndipo m'kuthinana mmenemo ndi momwe mafoni amapitira komanso momwe azibambo ena opanda khalidwe amadzikhuza pa azimayi. Chikwama kutsogolo, ndipo ngati mungathe kwerani nthawi ya pakati pa tsiku. Nyengo ya mvula yambiri, March mpaka May, mtsinje wa Msimbazi umasefukira pa Jangwani mpaka msewu kutsekeka, ndiye ulendo wa mphindi zochepa umasanduka wa maola ndipo mdima umakupezani panjira.

Malo ogona pezani musananyamuke kwanu, kudzera kwa mzimayi mnzanu amene anagonako yekha, osati amene anangomva. Ku Kariakoo ndi madera oyandikira kuli mahotela ndi maloji a mitengo yosiyanasiyana, koma kusiyana kwa ndalama pang'ono kusakugonetseni pamalo pomwe pansi pali bala ndipo zipinda amabwereketsa pa ola. Mukalowa m'chipinda yesani loko, onani ngati pali chotsekera cha mkati, onani windo, ndipo onani masitepe otulukira ali kuti. Izi za masitepe sindikunena mwamwambo chabe. Msika waukulu wa Kariakoo unapsa mu July 2021, ndipo pa 16 November 2024 nyumba yosanja yodzadza mashopu inagwa komweko n'kupha anthu opitilira 20, ambiri anali m'mashopu a pansi. Nyumba za kumeneko n'zothinana, zina akuzikumba pansi kuwonjezera mashopu uku anthu akugulitsa pamwamba, ndiye mukalowa m'mashopu a pansi pa nthaka aja dziwani kumene mwalowera. Usiku wina akagogoda kuti ndine wa pa risepushoni, musatsegule, imbani ku risepushoniko mufunse. Ndipo palibe chifukwa choti wonyamula katundu, dalaivala kapena mwini shopu adziwe nambala ya chipinda chanu. Katundu azikusiyirani pansi.

Kariakoo yeniyeniyo ili ngati mutatenga msika wa Lilongwe, wa Limbe ndi wa Mzuzu n'kuiunjika pamodzi kenako n'kumangapo nyumba zosanja. Msewu wa Congo ndi wa zovala ndipo anthu amayenda mogundana mapewa, ku Aggrey kuli mafoni ndi zamagetsi, Msimbazi ndi msewu waukulu umene mungagwiritse ntchito ngati chizindikiro mukasochera, ndipo polisi ya Msimbazi ili pomwepo. Mudzakumana ndi mawinga, madobadoba a kumeneko, amene alibe shopu koma amakutengani kupita nanu kumene kuli katundu n'kuikapo yawo pamwamba. Si onse akuba, ena amathandizadi ndipo azimayi ena ali ndi winga wawo wa zaka zambiri amene amamukhulupirira. Koma winga amene mwakumana naye lero musamupatse ndalama kuti akakutengereni katundu ku stoo, kosungira katundu, inu mukudikira, ndipo akati tiyeni kuseri kuno kuli zotchipa, n'kuyamba kulowa nanu tinjira topanda anthu kapena masitepe a nyumba yopanda mashopu, bwererani pomwepo osafunsa. Mtima ukakana, mverani. Mulipire mu shopu, kwa mwini shopu, katundu mukumuona, mutenge lisiti, mujambule chikwangwani cha shopuyo. Tsiku loyamba ine ndimati yendani kaye opanda ndalama zambiri, muone mitengo, mudziwe njira yobwerera kumene mukugona, kugula muyambe mawa lake.

Ndalama musaike malo amodzi. Zambiri zikhale mu kabudula wa mkati wa thumba la zipi kapena pa M-Pesa, ndalama za pa foni za Vodacom, ngati mwatsegula layini ya dzina lanu, pang'ono zogulira madzi ndi kulipira bajaji zikhale m'kachikwama ka m'manja, ndipo musamafunyulule chitenje kutulutsa mpukutu wonse pakati pa msewu, lowani mkati mwa shopu kapena kuchimbudzi. Kuyambira 2025 malamulo a ku Tanzania akuti zinthu za m'dzikomo zizigulitsidwa mu mashilingi, ndiye madola kasintheni ku banki kapena ku byuro yovomerezeka, osati kwa munthu wa pakona. Pasipoti ijambuleni pa foni, mutumizenso kwa m'bale, ndipo fotokope ikhale m'chikwama china.

Pali chinthu china chimene ambiri sadziwa. Ku Dar akuba ena amatsomphola zikwama ali pa njinga yamoto kapena m'galimoto ikuyenda, makamaka misewu ya kunyanja monga Toure Drive cha ku Coco Beach komanso m'tauni, ndipo anthu avulala kwambiri ena kufa kumene chifukwa lamba wa chikwama anali wopingasa pathupi ndiye anakokedwa pa tala. Mukamayenda m'mbali mwa msewu yendani moyang'anizana ndi magalimoto, chikwama chikhale mbali ya kutali ndi msewu, ndipo akachigwira chisiyeni chipite. Foni musamayankhe mutaima m'mphepete mwa msewu kapena pa windo lotsegula la daladala, minibasi ya kumeneko. Komanso mawu oti mwizi, kutanthauza wakuba, musafuule mwachisawawa pongomuganizira munthu, chifukwa gulu la anthu kumeneko likhoza kumupha pomwepo monga zimachitikiranso kwathu kuno.

Zovala, Dar ndi mzinda wa kunyanja wokhala ndi Asilamu ambiri, ndipo ku Kariakoo azimayi ambiri amavala zazitali. Chitenje chathu kapena diresi yopepuka yofika m'munsi imakupangitsani kuoneka ngati wa komweko, ndipo ubwino wake ndi umenewo, simuonekera. Sindikunena kuti wovala zazifupi akachitidwa chipongwe ndi wolakwa, ayi ndithu, wolakwa ndi wochita chipongweyo nthawi zonse. Kwa akuluakulu perekani moni wa shikamoo, ndipo mukasochera funsani mayi wogulitsa chakudya kapena mzimayi wa mu shopu osati gulu la anyamata. Akakufunsani kuti muli nokha, yankho ndi ayi, anzanga ali pafupi. Bodza limeneli ine ndilibe nalo vuto.

Ndiye ngati zoipa zachitika, chifukwa zimachitika olo munthu atasamala bwanji. Nambala ya polisi ndi 112. Mapolisi ambiri ali ndi desiki yoona za nkhanza kwa amayi ndi ana, amati Dawati la Jinsia na Watoto, funsani imeneyo. Ngati mwagwiriridwa chonde chonde musadikire kuti mukafike kaye ku Malawi, mankhwala oteteza ku HIV aja a PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo ulendo wobwerera wokha ukhoza kudya maola amenewo. Chipatala cha Mnazi Mmoja chili pafupi ndi Kariakoo, Amana ili ku Ilala, Muhimbili ndiye chachikulu. Kupolisi amapereka fomu yotchedwa PF3 imene adokotala amalembapo. Chimandiwawa n'chakuti azimayi ambiri amangokhala chete chifukwa akuopa zokanenedwa kunyumba, zija zoti mkazi woyenda yekha amafuna chani, mwamuna amve bwanji, apongozi anena chani. Malankhulidwe amenewa ndi amene akupangitsa kuti anthu adwale mwakachetechete, ndipo ife azimayi tomwe timakhala patsogolo kuwanena anzathu. Pasipoti ikabedwa pitani kupolisi akupatseni lipoti, kenako ku ofesi ya kazembe wa Malawi imene ili mu Dar momwemo kuti akuthandizeni ndi chikalata chobwerera. Nambala yawo isungeni musananyamuke, pa foni komanso pa pepala.

Muzimveranso nkhani musanagule tikiti. Pa chisankho cha pa 29 October 2025 ku Dar kunali zipolowe, anthu analetsedwa kuyenda usiku, intaneti inazimitsidwa kwa masiku angapo ndipo anthu anafa. Intaneti ikazima ndiye kuti Bolt palibe, WhatsApp palibe, ndiye nthawi ya chisankho kapena ya zionetsero ulendo uimitseni kaye, ndipo nthawi zonse mukhale ndi kandalama ka m'manja kokwana kugona masiku awiri owonjezera.

Pobwerera ndi pamene munthu umatayilira chifukwa ndalama zatha ndipo ukuona ngati palibenso choti akubere, koma mpamba wonse tsopano uli m'mabelo. Lembani dzina ndi nambala pa belo lililonse ndi maka, mujambule, muime pomwepo mpaka muone akulowetsa m'basi kapena mu thiraki, ndipo wa transipoti akupatseni lisiti yolemba kuchuluka kwa mabelo. Malisiti a m'mashopu asungeni pamodzi kuti pa Songwe mukalipire msonkho wa MRA pa kauntala n'kulandira lisiti ya boma. Pamalire padzapezeka anthu okuuzani kuti tikuwolotserani katundu njira yachidule ya kumtsinje musalipire kanthu, ena mpaka kukuuzani kuti mupite nawo limodzi usiku. Musapite. Kutchire kumeneko mukakhala nokha ndi azibambo amene simukuwadziwa, mtsinje wa Songwe nthawi ya dzinja umakokolola anthu, ndipo akakulandani katundu kapena kukuchitani chipongwe simungakanene kulikonse poti nanunso munali panjira yoletsedwa. Wina wovala yunifolomu akayamba zoti tikambirane kuseri kapena mundipatse nambala yanu kuti katundu adutse, itanani azimayi anzanu a m'basi abwere aime nanu pomwepo, mufunse dzina lake mokweza, ndipo munene kuti mukufuna kuonana ndi bwana wake.